Nyanja Ikadzaphwa pa Manda a Amayi

Punta Arenas, 6 Seputembala 1968

Mlongo wanga Belarmino,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga Clorinda ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti mphepo ya chaka chino yatikwana. Amuna anga a Onofre akadali kubusa la nkhosa, amabwera kamodzi pamwezi. Ine ndikuphikabe kunyumba ya alendo ija ya pafupi ndi doko.

Nkhani ndi ya bambo. Chisanu chino chawagwetsa kawiri. Adokotala ati mtima watopa, ndipo atandikokera pambali anandiuza kuti ndisawerengere kuti adzaonanso chisanu china. Bambo sanamve, koma ukuwadziwa. Munthu amene wakhala akukhoma maboti moyo wake wonse safuna womuuza kuti thabwa lafumbwa.

Tsopano akufuna chinthu chimodzi basi. Akufuna abwere kumudzi adzafukule mafupa a amayi kumanda akale aja, awakwezere kumanda atsopano kuphiri. Akuti chichitikireni chivomerezi chija, nthaka itatitimira nyanja n'kumeza manda, iwo sanagonepo tulo teniteni. Dzulo ali pafupi ndi mbaula anandiuza kuti, "Candelaria ankaopa madzi. M'boti momwe ankakwera atatsinzina. Ndiye ine ndamusiya pansi pa nyanja zaka zisanu ndi zitatu, ndili kuno ndikuotha moto."

Ukudziwa kuti mandawo amaonekera pokhapokha nyanja ikaphwa kwambiri, masiku awiri kapena atatu pachaka. Ife sitingangonyamuka chinyamukire. Sitima ya kuno imayenda masiku asanu, malo amalembetseratu kukadali miyezi, ndipo abwana anga amafuna kudziwa nthawi ikadalipo. Tikadzafika madzi atadzaza ndiye kuti ulendo wonse wapita pachabe, ndipo bambo alibe ulendo wachiwiri.

Chonde upite kutauni ya Achao ukafunse kwa eni maboti kabuku kaja kamene kamalemba masiku ndi maola a kuphwa ndi kudzaza kwa nyanja. Kakhale ka chaka chamawa. Ukopere masiku amene madzi adzatsike kwambiri, unditumizire Novembala asanathe.

Undiuzenso ngati mtanda wa amayi ukadali chiimire. Bambo amafunsa tsiku ndi tsiku.

Ndine mlongo wako,
Eduvina


Tauquil, 19 Okutobala 1968

Achemwali,

Kalata yanu inakhala ku Achao milungu itatu chifukwa mphepo inatsekereza maboti, ndiye musaganize kuti ndinangoikhalira. Tonse pachilumba pano tili bwino. Clorinda akupereka moni.

Mbatata tabzala minda iwiri. Ng'ombe yofiira ija inathyoka mwendo kuchigwa, tinaipha, nyama tinagawana ndi anzathu. A Hermógenes, otsogolera mapemphero aja, akwatitsa mwana wawo womaliza, ndipo kunavinidwa masiku awiri mpaka mkulu wina anagona m'khola la nkhumba. Denga la nyumba ya bambo ndakonza mbali ya kumpoto, linkadontha.

Za matenda a bambo zandikhudza kwambiri. Koma achemwali, taganizani bwino. Munthu wa mtima wotere mumukweze sitima masiku asanu, panyanja ija pamene anyamata anyonga amasanza mpaka ndulu? Akafika adzayendenso m'matope? Omwalira sathamangira kulikonse. Amayi akhala pamenepo zaka zonsezi, angadikirenso chaka china bambo atapezako mphamvu.

Za kabuku ndinafunsa. Akuti ka chaka chamawa sikanafike. Wina ali nako ka chaka chino, koma ana anang'amba masamba. Ndidzafunsanso ndikadzapita kukagulitsa nkhuni.

Ndatumiza nkhono zowamba, zingwe zitatu, kudzera mwa a Custodio Paillán amene akubwera kumeneko kudzameta nkhosa. Muwaphikire bambo ndi kabichi monga amakondera.

Mlongo wanu,
Belarmino


Punta Arenas, 17 Novembala 1968

Belarmino,

Moni kwa nonse. Nkhono zafika, zikomo.

Za ng'ombe wandiuza. Za ukwati wandiuza, mpaka za wogona ndi nkhumba. Za mtanda wa amayi ako ndiye ayi. Kalata yakoyo ndinawawerengera bambo kawiri, iwo n'kufunsa kuti, "Kuseri kulibe china?" Ndinatembenuza pepala, mbee.

Tandiuza zoona. Kodi ukuopa kuti bambo akabwera adzagawa munda wa kumtunda uja? Ndani wakuuza kuti ine ndikuufuna? Ndingaulime ndili kuno? Umuuze Clorinda agone tulo, sindikubwera ndi chingwe choyezera. Ndakhala ndikuwasamala bambo zaka zinayi ndekha, sindinakupemphepo kanthu. Lero ndakupempha manambala chabe, iwe ukundiuza za ana ong'amba mabuku.

Usavutikenso, kabuku ndakapeza ndekha. Pali a Sandalio Ojeda, mkulu woyendetsa sitima yokoka zinzake padoko pano, amene amadya kwathu masana aliwonse. Ndinawafunsa ndikuwapungulira msuzi. Anaseka, akuti, "Mayi, zaka zonsezi mwandidyetsa nyemba osafunsa ndi dzina langa lomwe, lero mukufuna nyanja yonse?" M'mawa mwake anabwera nako, katsopano, ka 1969. Ndinkaganiza kuti kuno kuli ka nyanja ya kuno yokha, koma muli madoko onse.

Tinakhala pathebulo la kukhitchini mbale zitatha, anandiphunzitsa kuwerenga kwake. Tsiku lililonse lili ndi maola ake, ndipo pambali pa ola pali nambala yosonyeza kutalika kwa madzi. Nambala ikachepa ndiye kuti nyanja yathawa kutali. Anandiuza kuti ndizifunafuna masiku oyandikana ndi mwezi wakufa kapena wathunthu, makamaka mu Malichi ndi mu Seputembala. Chilumba chathu mulibe, ndi chaching'ono, ndiye tinatenga doko lalikulu lapafupi n'kuwonjezera mphindi makumi awiri. Ndinadutsa chaka chonse ndi chala, mzere ndi mzere, katatu.

Tsiku lake ndi Lachitatu, 19 Malichi. Madzi adzafika pansi penipeni nthawi ya hafu seveni m'mawa. Lachiwiri lake adzatsikanso, koma osafika pamenepo. Likatiphonya limeneli ndiye mpaka Seputembala, ndipo pakatipo pali chisanu. A Sandalio andichenjeza chimodzi, akuti kabuku kamadziwa mwezi koma sikadziwa mphepo. Ikadzawomba ya kumpoto idzawatsekera madzi m'kati, sadzatsika mokwanira. Chimenecho tasiyira Mulungu.

Ndalembetsa malo awiri pasitima ya pa 8 Malichi.

Ukadawaona bambo nditawauza tsikulo. Anadzuka n'kukapempha matabwa kwa aneba. Pano ali m'kashedi kuseri, akukhoma kabokosi ka mafupa. Amapala pang'ono, n'kukhala pansi kupuma, n'kupalanso. Adokotala akuti ndiwaletse. Abwere adzawaletse okha.

Iwe ntchito yako ndi mafosholo awiri ndi kuwauza a Hermógenes. Ngati zimenezonso zakulemera, unene.

Eduvina


Tauquil, 15 Disembala 1968

Achemwali,

Moni. Tili bwino. Kalata yanu Clorinda sindinamuonetse, chifukwa alibe mlandu. Za munda sizinabwerepo m'mutu mwanga. Mundiwerenge mpaka kumapeto, ndipo muwerenge bambo asali pafupi.

Kabuku ndinali nako kale. Ndimagula chaka chilichonse. Chichokereni inu ndi bambo, nyanja ikaphwa kwambiri ndinkatsika kukapala nkhono pamtanda wa amayi ndi kuunjika miyala. Sindinaphonyepo.

Mu Julaye chaka chapitacho kunabwera chimphepo cha masiku anayi, chomwe chinasasula denga la sukulu. Madzi atatsika mu Seputembala ndinapita. Achemwali, kulibe manda. Mitanda yonse inapita. Nyanja inakokolola mchenga mpaka kufika pamwala, ndipo pamene panali amayi pali dzenje, madzi ofika m'mawondo. Ndinalowamo n'kufufuza ndi manja mpaka nyanja inandithamangitsa. Ndinapeza thabwa limodzi lowola, ndipo sindikudziwa ngati linali lawo. Mu Malichi ndinabwereranso. Seputembala wapitayu, kalata yanu ili m'njira, ndinalinso komweko. Mulibe kanthu.

Mlandu ndi wanga. Chaka chisanafike chimphepocho a m'banja la Paillán anafukula awo n'kuwakweza kuphiri. Anandiuza kuti tichitire limodzi. Ine ndinati ayi, amayi sindingawakhudze bambo kulibe, tidikire abwere. Ndinkaganiza kuti ndikuchita ulemu.

Ndinayesa kukulemberani kangapo. Ndikafika pa mawu oti amayi, cholembera chinkakana. Ndiye ndinalemba za ng'ombe.

Tsopano mukuti akukhoma kabokosi. Sindikudziwa chochita. Inu ndinu wamkulu, ndipo muli nawo pafupi. Mukawauza, muwauze kuti ndine ndinalakwa. Mukapanda kuwauza, mundiuze choti ndidzawaonetse pa 19 Malichi.

Mlongo wanu,
Belarmino


Punta Arenas, 9 Febuluwale 1969

Mino, mlongo wanga,

Moni kwa iwe, kwa Clorinda ndi ana. Undikhululukire chifukwa cha mawu aja. Ndinakuponyera mwala uli kale ndi katundu pamutu. Kalata yako ndinaiwerengera m'chipinda chosungira mbatata kuntchito, ndipo tsiku limenelo alendo anadya buledi wopserera.

Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna ndiwauze kaye bambo. Ndinapita kushedi katatu. Kachitatu ndinafika mpaka poti, "Bambo, Mino walemba." Iwo anali akupaka mafuta pachivundikiro. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Tabwera ugwire apa, uone kusalala. Mayi ako sankafuna thebulo lokhakhala, linkamukolera ulusi." Ndinagwira, ndinati n'losalala, n'kutuluka.

Sindingathe, Mino. Chiyambireni kabokosi aka sanagwepo. Akudya. Mapiritsi akumwa okha osakakamizidwa. Tsiku la 19 Malichi ndi limene likuwayendetsa, ndiye ine ndiwachotsere?

Pali chinanso. Ine sindibwera. Ndinatanganidwa ndi kuwerenga miyezi ya nyanja, yanga n'kuiwala. Ndili ndi pakati, miyezi isanu. Pa msinkhu wanga uno, zaka makumi anayi ndi chimodzi, nditataya kale awiri. A Onofre akungoseka okha ngati wopenga, koma adokotala akuti ndikakwera sitima imeneyo ndisadzabwerenso kwa iwo. Ndinalira mpaka bambo anandikalipira, akuti, "Ukulirira wakufa kuti uphe wamoyo?" Malo anga ndapereka kwa a Custodio, amene amaliza kumeta nkhosa ndipo akubwerera kumudzi. Adzawayang'anira m'njira.

Tsono tamva. Ukhome mtanda ngati wakale uja, ulembepo dzina la amayi. Uupachike pautsi kukhitchini mwezi wonse kuti ude, uupake matope. Lachiwiri pa 18 madzi adzatsika m'mawa seveni koloko isanakwane. Upite wekha ukauzike pamalo olimba pafupi ndi dzenjelo. Lachitatu muwasiye bambo aime pamenepo, apemphere. Mukumbe pang'ono, kenako uwauze kuti madzi akubwera, amayi ali pansi kwambiri, mudzayesanso mu Seputembala. Abwerere kuno akudziwa kuti mkazi wawo ali pamalo pake. Tchimo limeneli likhale langa, ndidzalapa ndine.

Mapiritsi oyera ndi awiri m'mawa, ofiira ndi limodzi madzulo. Asanyowe miyendo. Sitima yobwerera inyamuka pa 2 Epulo.

Undilembere zonse, usadumphe kanthu.

Mlongo wako,
Eduvina


Tauquil, 24 Malichi 1969

Achemwali,

Moni. Ndikhulupirira inu ndi amene mwanyamulayo muli bwino. Munati ndisadumphe kanthu, ndiye sindidumpha.

Bambo anafika pa 14, ataonda koma akuyenda okha. Kabokosi sanalole kuti wina anyamule. A Custodio akuti m'sitima ankagona atatsamira pomwepo. Masiku atatu otsatira inawomba ya kumpoto, ndipo ine mumtima ndinkati iwombe ndithu, itipulumutse. Lolemba madzulo inaleka. Lachiwiri m'mamawa Clorinda anawatsekereza bambo m'nyumba ndi nkhani za ana, ine n'kutsika kukazika mtanda monga munanenera.

Lachitatu kunacha kuli zii. Tinanyamuka isanakwane seveni, bambo, ine, Clorinda ndi a Hermógenes. Anthu ena anatsatira chapatali. Nyanja inathawa kuposa mmene ndinaionerapo. Masitepe a tchalitchi chakale anaonekera onse atatu. Bambo anayang'ana wotchi yawo n'kungogwedeza mutu.

Titafika pamtanda anavula chipewa. Anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anaugogoda ndi chala.

"Mtanda wokongola," anatero. "Wakhoma ndani?"

"Ndi womwe uja, bambo."

"Mino, ine ndakhoma maboti zaka makumi asanu. Mtengo ungakhale m'nyanja zaka zonsezi osamera ndi kankhono kamodzi komwe? Ukununkhanso utsi wa kukhitchini kwa Clorinda. Misomali nayo yapotoka. Sunaphunzirebe kugwira hamala."

Clorinda anayamba kulira.

"Nzeru ya ndani imeneyi, yako kapena ya mlongo wako?"

"Yanga, bambo."

"Bodza lachiwiri. Iwe sungaganize zoika mtengo pautsi."

Sanakalipe. Anandipatsa chipewa kuti ndigwire, n'kupita pa masitepe a tchalitchi. Anatembenukira kumanzere n'kuyamba kuwerenga mapazi mokweza. Pa khumi ndi anayi anali ataima m'mphepete mwa dzenje lija. Pamenepo ndinawauza zonse, za chimphepo, za a Paillán, za kukana kwanga. Anamvetsera akuyang'ana m'madzimo.

"Unadikira ine," anatero. "Ine ndi amene ndinachedwa."

Kenako analowa. Ndinawagwira mkono, ndinati achemwali anati musanyowe. Anati, "Achemwali ako kulibe." Anagwada m'madzimo, ofika m'chiuno, n'kumafufuza pansi ndi manja monga ndinkachitira ine. Tinkhanu tinkathawa. Sanapeze kanthu. Atatopa anayamba kulankhula, osati ndi ife.

"Candelaria, ndine Evaristo. Ndabwera. Ndinakusiya nthawi yaitali, ndikudziwa. Eduvina ali ndi pakati, wamva? Pa ukalamba wake."

Zina ankanena motsitsa, ndipo ife tinasendera kutali.

Ataitana anati ndibweretse kabokosi. Anatapa mchenga wa pansi pa dzenjelo ndi manja awiri n'kumathira m'kati. Ndinafuna kuthandiza ndi fosholo, anakana. Anathira mpaka theka, n'kutseka okha. A Hermógenes anayamba pemphero, koma asanafike pakati anasiya, akuti, "A Evaristo, nyanja siidikira Ameni." Madzi anali atayamba kulowa m'timifuleni kumbuyo kwathu. Zonse pamodzi tinakhalapo mphindi makumi anayi.

Bambo anayesa kudzuka, miyendo inakana. Clorinda anasenza kabokosi, ine ndinawabereka. Achemwali, sakulemera. Mwana wanga wamkulu akulemera kuposa iwo. Madzi anatipeza tisanafike pagombe, mpaka m'mawondo. Ali kumsana kwanga anatembenuka n'kunena kuti, "Mtanda wako uja ukumira. Uusiye, amenewo ndi malo ake abwino, mwina ungathandize ena aja amene mitanda yawo inapita."

Masana tinakwera kuphiri. Anthu onse a pachilumba anabwera, ngakhale amene sitinawaitane. A Hermógenes anafunsa mwakachetechete ngati n'koyenera kuika mchenga m'manda odalitsidwa. Bambo anati, "Baibulo lanu lomwelo silikuti ndife fumbi?" Sanafunsenso. Tinakumba, ndipo bambo anatiuza kuti tiwasiyire malo awo kumanja kwake.

Chiyambire Lachinayi ali gone m'nyumba mwawo. Akutsokomola, ndipo miyendo yatupa. Mapiritsi tikuwapatsa monga munalembera. Ndinati tiwatengere kuchipatala ku Achao, anakana. Clorinda sakuchoka pambali pawo. Dzulo anapempha pepala ndi cholembera, ndipo kulembako kunawatengera m'mawa wonse. Anati ndiike m'kalata yanga osawerenga, koma anandifunsa kalembedwe ka mawu ambiri moti ndikudziwa zili m'menemo. Mukhale pansi musanawerenge.

Mlongo wanu,
Belarmino


Eduvina mwana wanga,

Unawerenga bwino. Madzi anachoka pa ola lomwe unanena. Uwauze a Sandalio.

Za mtanda usakalape, palibe tchimo. Zoti manda kulibenso ndinadziwa tsiku lomwe unabwera kushedi maso ali ofiira. Ndinangokhala chete kuti usandiletse ulendo.

Wandisamala zaka zinayi, sindinanenepo zikomo. Pakamwa panga mpouma, ukudziwa.

Ine sindibwera. Tsiku la sitima usapite kudoko, kumazizira. Jekete langa lachikopa ulipereke kwa Onofre. Zida zanga za m'shedi usagulitse, uzisungire mwanayo, kaya wamwamuna kaya wamkazi.

Akabadwa undilembere. Ndikadzakhala ndilipo, Mino adzandiwerengera kunyumba kuno. Ndikapanda kukhalapo, akwere nayo kuphiri akatiwerengere tonse awiri.

Bambo ako,
Evaristo Barría